Tsache lisafike paliponse

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mwayamba kugula mapuloti ku Njewa, ku Area 49, ku Chileka, ku Mpemba ndi kwina konse kumene tauni ikudya minda, khalani pansi tikambe za bwalo. Za maziko, malata ndi kukwera kwa simenti akuuzani amisiri. Ine nkhani yanga ndi malo amene amatsala nyumba ikatha, makamaka malo amene si a munthu mmodzi: bwalo la pakati pa nyumba za lendi, kanjira kopita kumpopi, ngalande ya kuseri, kadambo kamene kali kumunsi kwa mapuloti anu nonse, ndiponso mtengo wa pamalire umene mthunzi wake umagwera kwa inu m'mawa, madzulo n'kugwera kwa aneba.

Kale munthu ankamanga patali ndi mnzake, pakati n'kutsala tchire. Zimenezo zinapita. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mumzinda wa Lilongwe ndi opitirira 800,000 mu Blantyre, ndipo kuchokera pamenepo anthu angowonjezekera. Pamene kale pankakhala banja limodzi lero pali mabanja asanu, geti limodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Ena mwasonkherana pachibale n'kugula malo amodzi, ena muli m'nyumba zogundizana makoma. Chimene wina wachita ndi nkhwangwa yake chimakafika pakhomo pa mnzake, afune asafune.

Ndimaona mmene mumayambira. Mapepala a malo akangotuluka mumaitana aganyu kuti adzalambule. Chikwanje chimalowa, nkhwangwa pambuyo, zitsa kuzula, chulu kugumula n'kuumba njerwa, mitengo yagwayo n'kuotchera njerwa zomwezo. Pofika Okutobala puloti yangoti mbee, amisiri akudyera nsima pansi pa lata chifukwa mthunzi palibe. Nyumba ikatha, mwini wake amaima pamsewu pa ogulitsa maluwa n'kugula kambande ka m'chubu kosafika ndi m'bondo momwe. Wagwetsa msuku umene unayamba kubala iye asanabadwe, tsopano adikire zaka khumi kuti apeze pousa masana. Kenako ayamba kudandaula kuti makoswe achuluka, maungu akungoyoyoka ali aang'ono, ndipo m'nyumba mukutentha usiku wonse.

Musandimve molakwika ngati ndikunyoza ukhondo. Mayi amene amadzuka m'bandakucha ndi tsache ali ndi zifukwa, ndipo n'zomveka. Agogo athu ankasesa bwalo mpaka kuuma gwa, ndipo sikunali kukongoletsa kokha. Pabwalo losesa, njoka ikadutsa usiku, m'mawa mzere wake umaoneka pafumbi. Linthumbu likamabwera umalionera patali. Moto wolusa ukachokera kutchire umafika pabwalo n'kusowa chonyeketsa. Mwana wokwawa amaoneka pamene ali, ndipo wakuba amasowa pobisala. Aliyense wokonda mitengo amene amapeputsa zifukwa zimenezi sadzagwirizana ndi aneba ake mpaka kalekale.

Koma bwalo la agogo linali ndi polekezera. Kuseri kwa nyumba kunali dzala, pamene pankamera nthochi, mapapaya ndi maungu odzimerera okha. Kupitirira apo kunali thengo lotolako nkhuni, bowa ndi mankhwala. Ndiye kunali manda. Mukamayenda pamsewu wa Mchinji kapena wa Kasungu m'chilimwe, dziko lonse litayera, mumaona timagulu ta mitengo ikuluikulu tili apa ndi apo pakati pa minda. Nthawi zambiri amenewo ndi manda. Ofuna nkhuni alipo ambiri m'midzi imeneyo, koma mudzi wonse unagwirizana kuti kumeneko nkhwangwa siilowa popanda mawu a mfumu. M'menemo ndi mmene mwatsalira achanga, agologolo, akadzidzi ndi mitundu ya mitengo imene m'minda inatha kalekale. Lamulo la zankhalango la 1997 lili ndi nzeru yomweyo pamene limalola midzi kupatula nkhalango zawo n'kusankha makomiti oziyang'anira.

Ndiye langizo langa ndi limodzi, zinazo ndi nthambi zake chabe. Malo ogawana amafuna posesa ndi posasesa, ndipo malire a ziwirizi aziikidwa ndi onse okhalapo, osati ndi amene walawirira ndi chikwanje.

Yambani pafupi ndi khoma. Mapazi angapo kuzungulira nyumba pazikhala poyera, popanda udzu wautali, mulu wa njerwa zotsala, malata akale kapena nkhuni zounjika. Njoka sibwera kudzafuna anthu. Imatsata makoswe, achule ndi pobisala pozizira bwino. Madeya otayika pakhola la nkhuku ndi mulu wa njerwa umene wakhala chaka osasunthidwa zimaitana njoka kuposa mtengo uliwonse. Njira yopita kuchimbudzi ndi kumpopi ikhale yotakata, yoti munthu wa tochi aziona pamene akuponda. Nthambi zisakhudze denga kapena mawaya a magetsi. Pagawo limeneli tsache ndi mfumu, ndipo wokonda zachilengedwe asatsutse.

Kupitirira apo ndi pakati, posewerera ana, poyanika zovala, pa bedi la mpiru ndi tomato, pa mango, mapeyala ndi maluwa. Apa wokonda kukongoletsa asangalale. Ndingomupempha ziwiri. Kapinga akhale wochepa, wokwanira kukhalapo anthu, chifukwa kapinga wamkulu amafuna madzi a pampopi chilimwe chonse, ndipo bilu yogawana ikafika chibale chimatha. Chachiwiri, asamete kapinga mpaka dothi kuoneka. Udzu wotsalako pang'ono umasunga chinyezi, ndipo timaluwa tating'ono tomera pakati pake ndi timene njuchi zimadalira mitengo isanachite maluwa.

Gawo lachitatu ndi limene ambiri mulibe: ngodya ya kuseri ndi m'mbali mwa mpanda, kumene tsache silifika. Masamba amene mwasesa pabwalo azikathiridwa kumeneko, osawaotcha. Zitsamba zodzimerera zisiyidwe, chipika chowola chigone pomwepo. Kadzayeseni izi mu Januwale: tengani kamtengo mukavundukule masamba amene akhala pangodya kuyambira chilimwe. Pamwamba ndi ouma, koma pansi pake n'ponyowa, pakuda bii, ndipo pamamveka fungo la bowa. Mudzaona bongololo atadzipinda, nyongolotsi zikuthawa kuwala, timizu toyera tikukwera kuchokera m'nthaka kudzadya zowolazo. Mukachokapo pang'ono, timba kapena pumbwa afika kudzapalasa pamene mwavundukulapo. Manyowa amene ena amakagula pangolo akupangika okha pamenepo. Wosesa n'kuotcha tsiku ndi tsiku amatentha chonde cha puloti yake, utsi n'kukatsamwitsa mwana wa mphumu wa aneba.

Ngodya imodzi payokha ndi yaing'ono. Koma mapuloti a m'tauni amapatsana misana, ndipo pamene pakumana ngodya zinayi, eni ake akagwirizana kusiya aliyense kagawo kake, pamakhala kankhalango kamene palibe mmodzi akanatha kukasunga yekha. Tizilombo ndi tinyama timafuna njira yoyendamo kuchoka pamalo ena kupita pena. Onani mzinda wa Lilongwe. Pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba, ntchito imene inafika pachimake mu 1975, okonza mapu anasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, pamene lero pali Lilongwe Wildlife Centre. Nyama ndi mbalame zambiri zimene zikuonekabe mumzindawu zimayenda motsata mitsinje ndi mitengo yotsala m'mbali mwake. Chimene anachita okonza mzinda pa malo aakulu, inu mungachite pa mzere wanu wa nyumba.

Apa mpanda ndiye umavuta. Ndikudziwa chifukwa chimene mumamangira mpanda wa njerwa, ndipo sindingakuletseni. Koma uzani mmisiri asiye mabowo m'munsi, kukula kwake njerwa imodzi, apa ndi apo. Wakuba sangadutsepo, koma madzi a mvula amadutsa, ndipo mipanda yambiri imene imagwa m'dzinja imagwa chifukwa madzi anasowa potulukira. Pamabowo omwewo ndi pamene kanungu, chule ndi buluzi amadutsira kupita kwa aneba. Pakati pa nyumba za mkati mwa mpanda umodzi sipafunikanso njerwa. Mpanda wa zomera umakwanira, umapereka mthunzi, ndipo mbalame zimamangamo zisa. Nkhadze yokha muisamale pamene pali ana, utomoni wake umawononga maso.

Mwina wina afunsa kuti, kodi tizilombo timeneti tikutipatsa chiyani? Pitani padimba la maungu dzuwa likamatuluka. Chiluwe chili cha mitundu iwiri. China chili pakaphesi kakatali kowonda, chimenecho n'chachimuna. China chili ndi kadzungu kakang'ono kale m'munsi mwake, chimenecho n'chachikazi. Maluwawa amatseguka m'mawa, dzuwa likakwera n'kufota, ndipo tsiku lawo ndi limodzi lomwelo. Njuchi imalowa m'duwa lachimuna, n'kutuluka thupi lonse lili chikasu ndi ufa wa duwalo, kenako n'kukalowa m'lachikazi. Ikapanda kufika m'mawa umenewo, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa. Amene amapopera mankhwala m'mawa pamaluwa otseguka amapha wantchito wake yemwe, ndiponso wa aneba onse, pakuti njuchi sidziwa malire a puloti. Ngati kupopera sikungalephereke, poperani madzulo, pambewu yodwalayo yokha.

Za kadzidzi ndiyankhule mosabisa, chifukwa tonse tinakula tikumva kuti akalira padenga ndi malodza. Kadzidzi amabwera pamene pali makoswe. Usiku uliwonse amasaka, ndipo akakhala ndi ana amasaka kowirikiza. Mukapeza pansi pa mtengo umene amagonamo timibulu touma timene amalavula, phwanyani kamodzi ndi kamtengo: mupezamo ubweya ndi tizigaza ta makoswe. Ife timamugenda, kenako n'kukagula tameki pamsika. Khoswe wodya poizoni amakafera panja, mphaka, galu kapena kadzidzi wotsalayo n'kumudya n'kufa naye. Pabwalo la mabanja asanu, pamene ana a anthu ena amakwawa ndipo nkhuku zimapalasa paliponse, poizoni woikidwa pakaphale si nkhani ya munthu mmodzi. Msampha, kutseka mabowo ndi kuvindikira ufa zimagwira ntchito popanda maliro.

Ena ogwira ntchito usiku ndi mileme. Yaing'onoing'ono imadya tizilombo touluka, kuphatikizapo agulugufe a usiku amene amaikira mazira osanduka mbozi. Inu amene munaona ntchemberezandonda zikudya chimanga kuyambira dzinja la 2016 mpaka 2017 mukudziwa kuti wothandiza aliyense ndi wofunika. Mileme ikuluikulu imadya zipatso n'kumwaza njere kutali, ndipo mikuyu yambiri yomera m'mbali mwa mitsinje inafesedwa motero. Mleme musaugwire ndi manja, ndipo mileme ikalowa m'siling'i dikirani ituluke madzulo, pa nyengo imene ilibe ana, n'kutseka polowera. Bilimankhwe amene ana amamuthawa alibe poizoni, amangodya ziwala ndi ntchentche. Achule amadya tizilombo usiku wonse. Ngakhale njoka yofiirira ya m'nyumba, ija ena amati chakusa, ilibe ululu ndipo chakudya chake ndi makoswe.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo sindingakubisireni matopewo. Mphiri imagona phee panjira osathawa. Mamba amalavulira m'maso. Mbobo ndi yoopsa kuposa zonse. Njoka zoterezi sizoyenera kukhala pabwalo la ana. Mukaona njoka yotere, chotsani ana ndi agalu, muipatse njira, ndipo ngati yakhazikika itanani odziwa kugwira njoka kapena a dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Anthu ambiri amalumidwa poiponda kapena polimbana nayo. Munthu akalumidwa musateme pabala, musayamwe, musamange mwendo mothinitsa. Mukhazikeni chete n'kuthamangira naye kuchipatala. Akalavuliridwa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kenako kuchipatala komweko. Njuchi zikamanga pafupi ndi khomo, itanani mlimi wa njuchi adzazisamutse m'malo mozitentha. Apusi musawapatse chakudya ngakhale kamodzi, chifukwa akazolowera amalowa mpaka kukhitchini, ndipo mapeto ake amaphedwa. Ku Lilongwe afisi amayendamo ndithu usiku, ndipo chimene chimawakokera kufupi ndi nyumba ndi zinyalala zotayidwa poyera. Agalu ndi amphaka anu azibayidwa katemera wa chiwewe. Dziwaninso kuti lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kusunga kapena kugulitsa nyama yotetezedwa monga ngaka kumapititsa munthu kundende.

Pa udzudzu ndi pamene anthu amakanganirana kwambiri. Wina amati mitengo yanuyi ndi imene ikutidwalitsa malungo. Zoona zake n'zakuti udzudzu umapuma m'zitsamba masana, n'chifukwa chake ndati kuzungulira nyumba pazikhala poyera. Koma suswana m'masamba. Umaswana m'madzi odikha: m'maenje amene munakumba poumba njerwa, m'matayala akale, m'zitini, m'ngalande yotsekeka ndi majumbo. Kukatentha, sabata imodzi kapena ziwiri zimakwana kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Munthu angagwetse mitengo yonse, koma dzenje la njerwa likadalipo, malungo sachoka. Kwirirani maenje, tsegulani ngalande, gonani m'neti. Ngati mwaikira mbalame madzi m'phale, muziwataya n'kuthira ena pakapita masiku awiri kapena atatu.

Tsopano za mitengo. Musanadule, dziwani chimene mukudula. Msuku uli ndi wamphongo ndi waukazi. Wamphongo sabala, koma mukaudula chifukwa choti ndi wosabala, waukazi umene uli kwa aneba nawo uchepetsa zipatso. Msuku, mombo ndi mitengo ina ya m'tchire lathu imakhalira limodzi ndi bowa wa m'nthaka amene amamatirira kumizu yake, n'chifukwa chake bowa monga manyame amamera pansi pake, n'chifukwa chakenso mitengoyi imavuta kubzala pamalo atsopano. Umene mwaupeza uli chiimire ndi chuma chosagulika kunazale. Nsangu imayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, choncho siphimba mbewu, imawonjezera chonde, ndipo mthunzi imapereka pa nthawi imene mukuufuna. Mkuyu ndi kachere zimadyetsa mbalame ndi mileme yambiri, koma mizu yake imasaka madzi, imang'amba maziko, mapaipi ndi dzenje la chimbudzi. Malo ake ndi pabwalo lalikulu la onse kapena kumtsinje, pamodzi ndi mbawa ndi katope. Papuloti yaing'ono pamakwana mpoza, nthudza, matowo ndi masau.

Chitsa musafulumire kuchizula ngati sichili pamaziko. Mvula ikagwa chimatulutsa mphukira zambiri. Sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo dulani, ndipo muziteteze ku mbuzi ndi moto. Mizu yake inazama kale, choncho imakula msanga kuposa mbande ya m'chubu ndipo sifuna kuthirira. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lathu limakhala pa nyengo yobzala mitengo, ndipo mbande zimabzalidwa zochuluka. Koma mbande imayesedwa mu Okutobala, osati tsiku lobzala. Bzalani zochepa zimene mungazithirire ndi madzi otsukira mbale.

Sindikuti mitengo yochokera kunja ndi yoipa. Mango, gwafa ndi papaya zinachokera kunja, lero ndi zathu. Koma iliyonse ili ndi malo ake. Bulugamu, wochokera ku Australia, amamwa madzi kwambiri, ndipo kumubzala pafupi ndi chitsime kapena m'dambo n'kulakwira onse otungapo. Pansi pa malaina mbewu sizichita bwino, choncho kuwandandika pamalire n'kulanda aneba dimba. Chitsamba cha lantana, chija cha timaluwa tosakaniza mitundu ndi timinga ting'onoting'ono, chimakongola pampanda, koma mbalame zimamwaza njere zake ndipo chikafika kumtsinje chimatsamwitsa zomera zonse. Chimenecho zulani.

Mu 2021, mitengo itagwetsedwa pokulitsa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe, anthu ambiri anadandaula, ndipo kudandaulako kunali ndi malo ake. Koma mitengo imene imagwa mwakachetechete mkati mwa mipanda yathu, umodziumodzi, palibe amene amailira. Mzinda sumetedwa ndi makina okha.

Nkhani ya madzi ndi imene ikusonyeza bwino kuti puloti yako si yako wekha. Fashoni ya masiku ano ndi kuwaka simenti bwalo lonse, kuyambira pageti mpaka kuseri. Matope amathadi. Koma mvula imene ikanalowa m'nthaka imasonkhana yonse, n'kutulukira pansi pa geti ndi liwiro, kukumba msewu n'kukalowa m'nyumba ya amene ali kumunsi. Anthu zana akachita chimodzimodzi, mtsinje umalandira m'kanthawi kochepa madzi amene unkalandira pang'onopang'ono. Anthu a ku Mtandire anaona Lingadzi atasefukira m'nyumba zawo mu Febuluwale 2017. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha kum'mwera munafa anthu mazanamazana. Mvula yotero palibe mtengo umene ukanaiimitsa yonse, koma phiri lometedwa ndi nyumba zomangidwa m'njira ya madzi zinakulitsa tsokalo. Wakani simenti poyenda anthu ndi poima galimoto, kwinako nthaka izipuma. Kumbani dzenje lothira miyala pamene madzi a padenga amagwera. Bzalani vetiva m'mbali mwa ngalande ndi pamalo otsetsereka.

Dambo lili ngati mtsuko wa dera lonse: limatunga m'dzinja, n'kumagawira zitsime pang'onopang'ono mpaka chizimalupsa. Bango, nsenjere ndi udzu wa m'menemo zimasefa madzi, ndipo ndi kwawo kwa achule, akakowa ndi nantchengwa. Wina akabwera kudzakugulitsani puloti yotchipa m'dambo, dziwani kuti mukugula madzi a m'nyumba ndi udani wa aneba. Chimodzimodzinso malo amene pamapu a khonsolo anasiyidwa kuti akhale bwalo la onse. Pitani mukaone mapuwo, mudziwe malire ake, ndipo muwagwiritse ntchito: ikanipo mabenchi, bzalanipo mitengo, ana azisewererapo. Malo a onse amene aoneka ngati alibe mwini, tsiku lina mudzapeza pali maziko.

Zonsezi sizitheka popanda kukhala pansi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Itanani msonkhano, ndipo musaitane eni nyumba okha. Abwere a lendi, abwere amayi amene amasesa, abwere ndi mnyamata wosamalira maluwa, chifukwa chikwakwa chili m'manja mwake ndipo akapanda kuuzidwa adzatchetcha zonse poopa kunenedwa ulesi. Musakambirane mutakhala pakhonde pokha. Imirirani muyende malo onse, mtengo ndi mtengo. Umene mwagwirizana kuti utsale, upakeni penti patsinde. Pamene tsache lizilekezera, ikanipo mzere wa miyala kapena njerwa, kuti ngodya yosasesayo izioneka kuti yasiyidwa dala, si ulesi. Tchire lokhala ndi malire ooneka bwino anthu amalilemekeza, lopanda malire amatayamo zinyalala.

Mukatero lembani m'kope, aliyense asayine, wina ajambule n'kutumiza pa gulu lanu la WhatsApp. Mulembe kuti mtengo wa pamalo a onse sudulidwa ndi munthu mmodzi. Mulembe za amene azisadza nthambi ndi nthawi yake, ndipo wosadza aziyamba wayang'ana ngati mulibe chisa cha mazira, makamaka m'dzinja. Mulembe kuti moto wosakira mbewa suloledwa, poizoni saikidwa panja, ndipo zipatso za mtengo wa onse zigawidwa motani, pakuti mango osapsa ayambanitsa mabanja ambiri. Amene walimbikira kuti mtengo utsale, akhale woyamba kukwera makwerero kukachotsa masamba ake padenga la mnzake. Nthambi imene ikuopseza nyumba idulidwe popanda mtsutso. Ndipo wina akati ndikuopa njoka chifukwa cha mwana wanga, musamuseke kapena kumuwerengera za m'mabuku. Sunthirani malire a tchire kutali ndi khomo lake. Ndi bwino kutaya mapazi awiri a ngodya kusiyana ndi kutaya mnansi, chifukwa mnansi wonyozedwa amadikira tsiku limene nonse mwapita kuntchito. Mukalephera kumvana, amfumu a m'dera ndi a khonsolo alipo.

Ana a malegeni musamangowakalipira. Ife tonse tinagendapo mpheta. Apatseni ntchito: wina aziyang'anira phale la madzi a mbalame, wina akhale mwini wa mbande yake, wina azilemba mayina a mbalame zimene zafika pabwalo, n'kukafunsa agogo dzina la imene sakuidziwa. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likuyendetsa makalabu a zachilengedwe m'masukulu kwa zaka zambiri, ndipo mwana wolowa kalabu yotere amabwera kunyumba ali mlonda wa chisa chimene dzulo akanachiphwasula. Mwana amene wakula osaona bilimankhwe akusintha mtundu, osalawa nthudza yothyola yekha, mwamumana chinthu chimene simungamugulire kusitolo.

Inu a lendi mwina mukuti, ndibzalirenji pamalo a eni ake, chaka chamawa ndisamuka. Pemphani chilolezo, mubzale basi. Mango amene ana anu akudya panopa anabzala munthu amene sanakudziweni. Inunso eni nyumba, wa lendi akapempha kangodya koti asamalire, musamuyese wolanda malo. Akukusungirani nthaka.

Pomaliza gwirani lamulo ili, lidzakuthandizani pamene kope lanu silinanene kanthu. Udzu mukautchetcha molakwa, mvula ikagwa umera. Maluwa mukawazula, mudzagula ena. Koma mtengo waukulu ukagwa, kupepesa sikuudzutsa, ndipo amene adzaone wolowa m'malo mwake utakula ndi adzukulu anu. Zinthu ziwirizi sizilemera mofanana, choncho musaziweruze mofanana. Pa udzu ndi maluwa lolerani msanga, musatayirepo chibale. Koma mukasemphana maganizo pa mtengo umene sukuopseza nyumba kapena moyo wa munthu, mtengowo uyambe waima mpaka msonkhano wina. Wofuna kudula sataya kanthu podikira mwezi umodzi, pakuti nkhwangwa yake adzaipeza pomwe anaisiya.